Momwe mungalizire vayolini pa kompyuta popanda vayoliniyo

M'masitudiyo ang'onoang'ono a ku Kapata ndi ku Mchini, kwaya iliyonse yobwera kudzajambulitsa imafuna tizingwe tolira kumbuyo kwa nyimbo. Oliza vayolini kuno ku Chipata ndi osowa, ndiye ambiri amangodina kiyibodi, mawu n'kutuluka ouma gwa ngati hutala ya minibasi.

Amene anaonapo mkulu akuliza kaligo, choimbira cha chingwe cholizidwa ndi uta, kumudzi ali kale patsogolo. Uta wopakidwa utomoni umagwira chingwe, kuchikoka, kuchitaya, n'kuchigwiranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Wasayansi wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1860, ndipo funde la mawu otere limaoneka ngati mano a sowo.

Choyamba, tsegulani Vital kapena Surge XT, mapulogalamu opangira mawu a nyimbo pa kompyuta, onse ndi aulere. Ngati muli ndi pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio, chopangira mawu chake cha 3xOsc chikwanira. Sankhani funde la saw, la mano a sowo lija. Chingwe chotsikitsitsa cha vayolini ndi G ya 196 Hz (kunjenjemera ka 196 pa sekondi), choncho musatsike kupyola pamenepo. Mukafuna mawu akuya, ganizani za cello, mkulu wake wa vayolini, imene imafika pa C ya 65 Hz.

Chachiwiri, attack (nthawi imene noti imatenga kuti ifike pa mphamvu yake) muiike pakati pa 80 ndi 200 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi), sustain (mphamvu ya noti mukadali chidinire) ikhale pamwamba, release (kuzilala kwa noti mukasiya kudina) ikhale yaifupi. Uta sugogoda ngati mtengo wa ng'oma, umalowa pang'onopang'ono. Kenaka low-pass filter, sefa yochotsa mawu okwera kwambiri, ichepetse kuthwa, ndipo muthiremo noise (phokoso la shii) pang'ono, ngati mchere wa m'ndiwo. Kameneko ndiko kukhwekhwereza kwa uta.

Chachitatu ndi vibrato, kunjenjemera kwa noti, pamene ambiri amalakwitsa. LFO, chogwedezera mawu cha m'pulogalamuyo, ikhale pa 5 kapena 6 Hz, igwedeze pitch (kukwera ndi kutsika kwa noti) pang'ono chabe, koma isayambe limodzi ndi noti. Woliza weniweni amayamba waikhazika notiyo, chala n'kuyamba kunjenjemera pambuyo pake. Ine ndinaiwalapo kuichedwetsa, ndipo mayi wina wa m'kwaya anavula mahedifoni n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mbuzi ikulirayi yalowera pati?"

Thupi la vayolini nalonso limaimba. Pa EQ, chokwezera kapena kutsitsira mbali zina za mawu, kwezani pang'ono cha pa 280 Hz, pamene mpweya wa m'bokosimo umalirira, ndiponso pakati pa 2,000 ndi 3,000 Hz. Reverb, yopangitsa mawu kumveka ngati m'holo, ibwere pomaliza, yochepa.

Koma ntchito yeniyeni ili m'dzanja. Lumikizani mod wheel, kagudumu ka pambali pa kiyibodi, ku volume ndi ku filter, ndipo poliza muziiyendetsa ngati mukukoka uta: noti yaitali iyambe motsika, ikule pakati, izilale kumapeto. Ngati mulibe kiyibodi, jambulani mzerewo ndi mouse. N'zotopetsa, inde, koma noti ziwiri zotsatizana zisafanane mphamvu. Vayolini imodzi muiike pa mono (noti imodzi pa nthawi imodzi) ndi legato (manoti olumikizana osaduka). Mukafuna gulu, lizani mzere womwewo katatu ndi manja anu m'malo mokopera, ndipo muzisunga ntchito pafupipafupi magetsi asanathime.