Mwana masamu akumuvuta? Momwe mungapezere mphunzitsi wa patitayimu ndi kawerengedwe komwe kamathandizadi

Pafupifupi kholo lililonse lomwe limabwera kwa ine limayamba ndi mawu omwewo, "aphunzitsi mwana wangayu masamu sakumulowa, muthandizeni chonde." Ndikafunsa kuti akuvutika pati penipeni yankho limakhala loti paliponse, mwanayo naye amangoyang'ana pansi osayankhula kanthu. Ndaphunzitsa masamu patitayimu zaka ndithu ndipo chomwe ndachiona mobwerezabwereza ndi chakuti mwana yemwe akulephera masamu a fomu 3 kapena fomu 4 kawirikawiri vuto lake silili mu fomu 3 ayi, lili kumbuyo uko, pali dzenje lomwe linakumbika kalekale ndipo chaka chilichonse ankangolidumpha. Ndiye kaya ndinu kholo, kaya ndinu wophunzira mwiniwake mukufuna kudzithandiza, ine ndimayenda motere.

1. Pezani dzenjelo musanalipire munthu aliyense

Tengani pepala mulembepo masamu asanu awa, mum'patse mwana popanda kakyuleta, popanda buku, ndipo musamuime pamutu:

1/2 + 1/3
−3 − 5
15% ya 80
2x + 5 = 17
(x + 3)²

Mayankho ake ndi 5/6, −8, 12, x = 6, ndipo yomalizayo ndi x² + 6x + 9. Koma chofunika kwambiri si choti wakhoza zingati, ndi kuona kalakwidwe kake. Mtsikana wina wa fomu 4 yemwe ndinkamuphunzitsa analemba kuti 1/2 + 1/3 ndi 2/5, anangowonkhetsa zapamwamba pazokha zapansi pazokha basi. Ndinamufunsa kuti ukakhala ndi theka la chinthu wina nkukuwonjezera kachidutswa kena, ungatsale ndi zochepera theka? Anakhala chete kaye kenako anati ayi sizingatheke, ndiye ndinamuuza ayerekeze 2/5 ndi 1/2, ndinaona nkhope yake ikusintha pomwepo. Mwana ameneyu makolo ake ankafuna ndimuphunzitse trigonometry chifukwa ndi zomwe ankaphunzira mkalasi nthawi imeneyo, koma tinakhala masabata atatu pa mafulakishoni ndi manambala a negative, ndipo sindinong'oneza bondo ngakhale pang'ono, chifukwa algebra yonse imakhala pamwamba pa zinthu ziwirizi.

Yomalizayo ana ambiri amalemba x² + 9. Musamuuze kuti walakwa, muuzeni aike 2 pamalo pa x. Kumanzere apeza 5 kuchulukitsa ndi 5 yomwe ndi 25, kuyankho lake apeza 13. Adziwa yekha kuti china chake chasowa, ndipo chimene wadzipezera yekha saiwala msanga.

2. Sankhani mphunzitsi poona amene wagwira cholembera

Kuphunzitsa mwana payekha kumathandiza, izi sizokayikitsa. Mu 1984 Benjamin Bloom, wofufuza za maphunziro wa ku University of Chicago, analemba kuti ophunzira omwe ankaphunzitsidwa mmodzimmodzi, osapita patsogolo mpaka atamvetsa mutu womwe ali, ankakhoza kuposa pafupifupi 98 pa 100 alionse a mkalasi wamba. Ofufuza ena atabwerezanso pambuyo pake anapeza kusiyana kocheperapo kuposa apa, komabe kusiyanako kulipo ndithu. Koma taonani chinsinsi chake, si kukhala awiriwiri chabe, ndi kusapita patsogolo mwana asanamvetse, komanso mphunzitsi kuona cholakwa nthawi yomweyo chikuchitika.

Ndiye pa phunziro loyamba khalani nawo pambali mungoonerera. Funso ndi limodzi: ola lonselo cholembera chili m'manja mwa ndani? Alipo aphunzitsi odziwa masamu kwambiri, amasova samu mwachangu mokongola, mwana nkumangogwedeza mutu kuti eya eya ndamva, makolo nkusangalala kuti tapeza katswiri, koma mwanayo akatsala yekha ndi pepala palibe chotuluka. Kuonerera munthu akusova samu nkosiyana kutalitali ndi kusova wekha, monga momwe simungaphunzire njinga poonerera anzanu akupalasa. Mphunzitsi wabwino amafotokoza pang'ono, kupereka chitsanzo chimodzi kapena ziwiri, kenako amakankhira kope kwa mwana nkukhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko nkovuta, ine ndemwe pachiyambi ndinkalephera, mwana akangokakamira masekondi khumi ndinkalanda cholembera nkumumalizira, ndimaganiza kuti ndikumuthandiza pomwe ndimamulanda mwayi woganiza.

Mufunseninso ngati akudziwa silabasi yomwe mwana wanu adzalembere mayeso, chifukwa wophunzira wa ku yunivesite atha kukhala wanzeru zedi koma nkumaphunzitsa njira zomwe mwana sanafikepo. Ndipo amene akulonjezani likasa, kapena akuti iye amadziwiratu zomwe zidzabwere pamayeso, m'thaweni.

3. Gwirizanani zinthu poyera

Apa sindichedwapo. Kawiri pa sabata, ola limodzi kapena ola ndi theka, kumaposa maola anayi tsiku limodzi. Za malipiro kambiranani pachiyambi, kuphatikizapo zomwe zichitike tsiku lomwe mmodzi wajomba. Malo akhale oonekera, pakhomo pomwe pali akuluakulu pafupi, chitseko chotsegula, izi zimateteza mwana komanso mphunzitsi yemwe. Ngati ndalama ndi zovuta gulu la ana atatu kapena anayi a kalasi imodzi limayenda bwinobwino, koma akafika khumi ndi asanu imeneyo ndi kalasi ina chabe, mwana wamanyazi uja abisalanso kumbuyo monga amachitira kusukulu. Ndipo mphunzitsi asamalembere mwana homuweki, atha kumuthandiza pomwe wakakamira koma osamulembera.

4. Samu iliyonse iyende masitepe anayi

Katswiri wa masamu wa ku Hungary, George Pólya, mu 1945 anafotokoza njira ya masitepe anayi yomwe mpaka lero ndimaiona kuti ndi yothandiza kuposa fomula ina iliyonse: mvetsa funso, konza njira, tsata njirayo, kenako yang'ana m'mbuyo uone ngati yankho lili lomveka. Ana ambiri amadumpha loyamba ndi lomaliza. Amangoona manambala nkuyamba kuchulukitsa.

Pa sitepe yoyamba ndimauza mwana atseke buku andiuze funsolo m'mawu akeake, m'chilankhulo chilichonse chomwe akufuna, akufuna chiyani, atipatsa chiyani. Ngati ndi funso la makwerero otsamira khoma ajambule khomalo, ajambule makwererowo, alembe manambala pa chithunzi. Makwerero a mamita 13, phazi lake lili mamita 5 kuchokera pakhoma, afika patali bwanji m'mwamba? Akangojambula amaona yekha kuti iyi ndi tirayango ya Pythagoras, 13 × 13 ndi 169, 5 × 5 ndi 25, 169 kuchotsapo 25 ndi 144 yomwe ndi 12 × 12, yankho mamita 12. Amene sanajambule nthawi zambiri amawonkhetsa 169 ndi 25 nkupeza pafupifupi mamita 14, kutanthauza kuti makwerero a mamita 13 afika pamwamba kuposa kutalika kwake komwe, ndipo akanayang'ana m'mbuyo akanadabwa yekha.

Sitepe yomalizayi ndi malikisi aulere amene ana amataya. Wasova x² − 5x + 6 = 0 wapeza 2 ndi 3, bwezera 2 mu funso, 4 kuchotsa 10 kuwonjezera 6 ndi ziro, basi wadziwa kuti wakhoza usanatuluke m'chipinda cha mayeso. Ndi maphunziro ochepa amene amakupatsa mwayi wodzichonga wekha chonchi.

5. Masiku omwe mphunzitsi kulibe ndi amene amakhozetsa

Ophunzira inu mvetserani apa. Maola awiri pa sabata ndi mphunzitsi sangasinthe kanthu ngati masiku asanu otsalawo kope lili m'chikwama. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa za maganizo wa ku Germany, anaonetsa kale mu 1885, poloweza timawu topanda tanthauzo nkumadziyesa yekha, kuti munthu amaiwala mwachangu kwambiri m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenako kuiwalako kumachepa liwiro, ndipo ukabwereza patapita nthawi zinthu zimakhalitsa m'mutu. Ndiye zomwe mwaphunzira Lolemba zibwerezeni Lachiwiri, kenako Lachisanu, kenako sabata yamawa. Mphindi 30 kapena 40 tsiku lililonse zakwana, pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma kubwereza kwake si kuwerenga manotsi. Masamu sawerenga ngati nkhani, ukamawerenga chitsanzo chosovedwa kale zonse zimaoneka zophweka ndipo umadzinamiza kuti wadziwa. Phimbani yankho ndi pepala, sovani nokha, kenako vundukulani muyerekeze mzere ndi mzere. Mukakakamira dzipatseni mphindi zisanu zolimbana nayo musanasuzumire.

Gulani kope lina lapadera, ine ndimalitcha kope la zolakwa. Samu iliyonse yomwe mwalakwa, kaya pa homuweki kaya pa tesiti, ilembeni m'menemo, pansi pake mulembe chifukwa chomwe munalakwira m'mawu anu, osati kungoti "ndinalakwitsa" koma monga "ndinaiwala kusintha sign potsegula mabulaketi okhala ndi minus kutsogolo." Pakatha mwezi mudzaona kuti si zinthu makumi asanu zomwe zikukugwetsani, ndi zinthu zitatu kapena zinayi zomwezomwezo zikungobwera zitavala malaya ena. Kope limeneli muzipita nalo kwa mphunzitsi, phunziro liziyambira pamenepo.

Chinanso sakanizani mitu. M'buku mafunso onse a pansi pa mutu wa simultaneous equations ndi a simultaneous equations, ndiye simuganiza nkomwe kuti mugwiritse njira iti, mutu wakuuzani kale. Pamayeso palibe wokuuzani. Choncho mukadziwa mutu watsopano, tsiku lililonse tengani samu ziwiri za mutu umenewo, imodzi ya magilafu ya mwezi watha, imodzi ya ma indices ya teremu yatha. Poyamba mudzaona ngati mukubwerera m'mbuyo chifukwa zimavuta, koma kuvutako ndiye kuphunzira kwenikweniko.

Za mafomula, lowezani ndithu koma muzidziwa chomwe chilembo chilichonse chikuimira, ndipo muzilemba kuchokera m'mutu papepala loyera m'malo mongowayang'ana pakhoma. Amene muli ndi foni ndi intaneti, mavidiyo a Khan Academy ndi aulere ndipo pulogalamu ya GeoGebra imakujambulirani gilafu muone momwe ikusinthira mukasintha nambala, zimathandiza, bola muziimitsa vidiyo nkusova nokha asanakuonetseni yankho.

6. Mapepala a mayeso akale, ndi kakyuleta yanu

Miyezi itatu kapena inayi mayeso asanafike yambani mapepala akale, koma muwalembe ngati mayeso enieni, wotchi patebulo, foni kutali, buku lotseka, kuyambira funso loyamba mpaka nthawi itatha. Mukamaliza muchonge ndi mphunzitsi ndipo zolakwa zonse zilowe mu kope lija. Lembani sitepe iliyonse, chifukwa ochonga masamu amapereka malikisi pa njira yomwe mwatsata ngakhale yankho lomaliza litalakwika, pomwe yankho lokhalokha lolakwika ndi ziro. Funso likakukanikani lisiyeni mupite lina mudzabwerera, ndaona ana akutha mphindi 20 pa funso la malikisi atatu nkusiya osakhudza mafunso ophweka kumapeto.

Kakyuleta gwiritsani yomweyo yomwe mudzalowe nayo m'mayeso, osabwereka ya mnzanu tsiku lomaliza. Musanayambe trigonometry dinani sin 30, ikakupatsani 0.5 zili bwino, ikakupatsani −0.988 ndiye kuti ili pa RAD (ma radian) osati DEG (madigiri) ndipo mayankho anu onse a ma engo alakwika ngakhale njira ili yolondola. Mnyamata wina wanga anataya malikisi a mafunso atatu pa tesiti chifukwa cha kabatani kameneka, anabwera akulira kuti trigonometry samaimva pomwe amaimva bwinobwino. Yesaninso −3² ndi (−3)², yoyamba ikupatsani −9 yachiwiri 9, mabulaketi amenewo pa quadratic formula amagwetsa anthu ambiri.

7. Makolo, onani ngati zikuyenda

Musadikire lipoti la kumapeto kwa teremu. Pakatha masabata asanu ndi limodzi tsegulani kope la mwana, kodi muli zolemba za dzanja lake kapena za mphunzitsi zokhazokha? Mupempheni akufotokozereni samu imodzi yomwe waphunzira sabata imeneyo, ngakhale inu masamuwo munaiwala kalekale mudzamva ndithu ngati akudziwa chomwe akunena. Ndipo chonde lekani kunena pamaso pake kuti kwathu kuno masamu palibe amawatha, mwana amagwira mawu amenewo nkusiya kuyesa.

Malikisi a kusukulu mwina sakwera msanga makamaka ngati mphunzitsi anabwerera kukakwirira dzenje la fomu 1, ndiye musafulumire kumuchotsa. Bwerezaninso masamu asanu aja a poyamba, mungosintha manambala, monga 1/4 + 2/3, −7 − 2, 3x − 4 = 11. Ngati pano akukhoza popanda kuyang'ana kudenga, pitirizani ndi mphunzitsiyo. Ngati patha miyezi iwiri ndipo akulakwa momwe ankalakwira tsiku loyamba, khalani pansi atatu nonse, mphunzitsi akuonetseni zomwe akhala akuchita sabata ndi sabata, ndipo akasowa choonetsa funani wina.