Mmene ndinakonzera mpando wapanja womwe unkagwedera

Mpando wa bulugamu umene ndinakhoma kuti tizikhalira pabwalo unayamba kugwedera mvula itangoyamba. Munthu ukakhalapo unkapendekera mbali imodzi, ndipo miyendo kunsi inada n'kuyamba kuwola. Kuno ku Mulanje chinyezi sichitha, ngakhale nyengo ya mvula itatha kumabwera chiperoni.

Ndinawonjezera misomali, matabwa anangong'ambika. Penti nayenso anasupuka.

Chimene chinathandiza kwenikweni ndi matabwa opingasa. Ndinadula awiri opyapyala n'kuwaika mopendeketsa, kuchokera kumtunda kwa mwendo wakutsogolo kukafika kumunsi kwa wakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Kugwedera kunatheratu pomwepo. Koma boolani kaye musanamange, chifukwa bulugamu wouma ndi wolimba ndipo msomali umamung'amba kumapeto. Ine ndinaika mabawuti, kuti akakhwefuka ndizingomanga ndi sipanala.

Miyendo ndinaidulako pang'ono powola paja, yonse mofanana, n'kuiviika usiku wonse mu oyilo wakutha wa galimoto. Itauma ndinakhomera tizidutswa ta tayala kunsi kuti thabwa lisamakhudze dothi lonyowa.

Ndalama inangopita pa mabawuti amene ndinagula pa Chitakale. Oyilo ndi tayala anandipatsa amakaniko. Oyiloyo musapake pokhalira, amadetsa zovala.