Momwe mungamvetsere mawu akuti "visual aids" ndi kuwagwiritsa ntchito pophunzitsa

Aliyense amene anadutsa ku koleji ya zauphunzitsi, kaya ku Kasungu, ku Karonga, ku Machinga kapena ku St Joseph's ku Bembeke, anamvapo mawu akuti "visual aids", ndipo ambiri anawalemba m'chikonzero cha phunziro asanadziwe bwinobwino tanthauzo lake. Mawuwa amamvekanso pa maphunziro a alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, kotero nkoyenera kuwamasulira mofatsa tisanafotokoze kagwiritsidwe ntchito kake.

Yambani ndi kugawa mawuwa pawiri. Liwu lakuti "visual" limanena za chilichonse chimene chimafika kwa munthu kudzera m'maso, pamene liwu lakuti "aid" limatanthauza chithandizo. Mukawaphatikiza, mupeza kuti "visual aids" ndi zinthu zooneka ndi maso zimene zimathandiza wophunzira kumvetsa zimene akuuzidwa, monga zithunzi, matchati, mapu, makadi a malembo, zoumba, ngakhalenso chinthu chenicheni ngati tsamba la fodya kapena nsomba ya usipa yonyamulidwa m'mbale. Ngati chinthucho ndi chimodzi mumati "a visual aid", ndipo zikachuluka mumawonjezera chilembo cha s kumapeto. Chifukwa chakuti "aids" amatchulidwa chimodzimodzi ndi dzina la Chingerezi la matenda a Edzi, ana ena amadabwa akawamva koyamba, ndipo ndi bwino kuwauza msanga kuti mawu awiriwa sagwirizana konse. Polemba samalaninso kuti musaike "aide", pakuti limenelo limanena za munthu wothandiza, osati chipangizo.

Chachiwiri, siyanitsani mawuwa ndi anzake ofanana nawo. "Teaching aids" ndi dzina lalikulu limene limaphatikiza zipangizo zonse zothandizira kuphunzitsa, ndipo wailesi imalowa m'gululi ngakhale kuti siili m'gulu la "visual aids", popeza imadzera m'khutu. Kanema amene amaonedwa ndi kumvedwa nthawi imodzi amatchedwa "audio-visual aid". M'mabuku a mphunzitsi a Chichewa zonsezi zimaikidwa pansi pa mutu wakuti zipangizo zophunzitsira, zophunzirira ndi zoyesera, ndipo pamenepa ndi pomwe muyenera kutchula chipangizo chanu ndi dzina lake lenileni. Kungolemba kuti "visual aids" popanda kunena kuti ndi tchati cha ziwalo za duwa kapena makadi a maphatikizo ndi ulesi umene woyendera sukulu aliyense amaugwira msanga.

Mukamvetsa tanthauzo, sankhani chipangizo poyang'ana zizindikiro za kakhozedwe za phunzirolo, kutanthauza zimene ana ayenera kutha kuchita phunziro likatha, osati poyang'ana chimene chili chokongola. Dzifunseni kuti ndi mfundo iti imene ana amavutika kuimva ndi mawu okha. Mwachitsanzo, kuuza ana a Sitandade 5 kuti mtsinje wa Shire umachokera m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, umadutsa m'nyanja ya Malombe, kenaka nkukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique, ndi chiganizo chimene angachiloweze pamtima koma osachiona m'maganizo. Mukawatulutsa panja nkujambula mapu pamchenga, nkuika mulu wa dothi poimira phiri la Mulanje, nkukumba kangalande kotsetsereka kuchokera kumpoto kupita kummwera, ndiyeno mwana mmodzi nkuthira madzi a m'chitini kumtunda kwake, funso lakuti madzi a m'nyanja amapita kuti limadziyankha lokha pamaso pawo. Ine ndimaona kuti mapu a pamchenga otere amaposa mapu osindikizidwa amene apachikidwa pamwamba pa khoma kwa zaka zambiri mpaka ana anasiya kuwayang'ana.

Gawo lotsatira ndi kupanga chipangizocho, ndipo pano m'pamene aphunzitsi ambiri amadandaula kuti alibe ndalama. Kuchokera mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana anachuluka kwambiri m'makalasi kuposa zipangizo zimene zinalipo, ndipo njira ya TALULAR imene bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi lakhala likulimbikitsa imayankha vuto lomweli, chifukwa imanena za kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Makatoni akale amasanduka makadi a malembo, zotsekera mabotolo ndi timitengo zimasanduka zowerengera pa masamu, dongo limaumbidwa kukhala nyama kapena ziwiya, thumba la saka limakhala tchati cholimba, makala amalemba, ndipo phala la ufa wa chinangwa limamata mapepala. Tchati chimodzi chikhale ndi mfundo imodzi, malembo ake akhale akuluakulu ndi akuda bwino, komanso aumbidwe monga momwe mukufunira kuti ana alembere m'makope mwawo, popeza mwana wa Sitandade 1 amakopera ngakhale cholakwa cha mphunzitsi.

Musanalowe nacho m'kalasi, chiyeseni. Chipachikeni pabolodi, pitani kukaima kumbuyo kwenikweni kumene kumakhala mwana womaliza, ndipo ngati inuyo mukuchita kutsinzinira kuti muwerenge, chilembeninso. M'kalasi la ana oposa 100, kachithunzi kodulidwa m'nyuzipepala kamene mphunzitsi wakagwira m'manja kamangothandiza mizere iwiri yakutsogolo, choncho ndi bwino kukayendetsa m'magulu. Kumbukiraninso ana amene saona bwino, kuphatikizapo ana achialubino, powakhazika kutsogolo ndi kuwalola kugwira chipangizocho ndi manja pamene inu mukufotokoza mokweza zimene zili pamenepo.

Nthawi yoonetsera nayo ndi yofunika. Chipangizo chikhale chobisika mpaka mufike pa mfundo imene chikuthandiza, chifukwa mukachitulutsa koyambirira maso onse amathawira kumeneko ndipo mawu anu amapita pachabe. Mukachionetsa, imani pambali, lozani ndi kamtengo, ndipo yambani ndi kufunsa ana zimene akuona musanawauze chilichonse, kenaka itanani awiri kapena atatu, anyamata ndi atsikana omwe, kuti adzaloze okha.

Phunziro likatha, lembani kuseri kwa tchati dzina la phunziro, kalasi ndi mutu wake, ndipo muchisunge pamalo okwera ndi ouma, kutali ndi chiswe komanso denga lodontha. Makadi amangeni ndi chingwe m'magulumagulu nkuwaika m'katoni imodzi, kuti teremu yamawa inuyo kapena mnzanu amene adzalandire kalasilo adzangotsegula nkutenga.