Foni yongoyerekeza ya Android ikamavuta kuyaka

Ophunzira ambiri kuno ku Zomba amene akupanga mapulogalamu a pafoni amadandaula kuti emulator (foni yongoyerekeza yoyendera pa kompyuta) ya mu Android Studio, pulogalamu yopangira mapulogalamu a Android, imachedwa kapena imakaniratu kuyaka, koma kawirikawiri vuto limakhala mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa. Poyatsa kompyuta, lowani mu BIOS ndipo mutsegule Intel VT-x, kapena SVM ngati purosesa yanu ndi ya AMD (izi ndi zimene zimalola kompyuta kuyendetsa makina ongoyerekeza), chifukwa popanda zimenezi foni yongoyerekezayo singayende bwino. Mu Device Manager ya mu Android Studio, momwe mumapangira mafoni ongoyerekeza, sankhani system image (fayilo yokhala ndi Android ya foniyo) ya x86_64. Fayilo imeneyi ndi yaikulu kwambiri, choncho ndi bwino kuikopera pa intaneti ya kusukulu kusiyana ndi kuthera bandulo yanu muli kuchipinda ku Chikanda.

Ngati RAM yanu ndi 8 GB, tsekani kaye Chrome. Magetsi akathima mwadzidzidzi kenako foniyo n'kumangoima pachizindikiro cha Google, musathamangire kuifufuta. Mu Device Manager momwemo sankhani Cold Boot Now kuti iyambe mwatsopano.

Chimene chinandisowetsa tulo ine ndi ichi: pulogalamu yanu ikafuna kulumikizana ndi seva imene ili pa kompyuta yomweyo, lembani adiresi ya 10.0.2.2, osati localhost (dzina limene makina amadzitchulira okha), popeza mkati mwa emulator dzina lakuti localhost limatanthauza foniyo.