Momwe mungathandizire anthu amene amakonza mapulogalamu aulere

Mukatsegula VLC kuti muonere filimu, kapena LibreOffice kuti mulembe kalata, palibe amene amakufunsani ndalama. Anzathu a m'mabungwe amajambula mapu pa QGIS, ena amatolera mayankho kumidzi ndi ODK, zonsezo ulere. Amenewa ndi mapulogalamu a open source, kutanthauza kuti code yake (malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu) ili poyera kwa aliyense, ndipo ambiri mwa iwo amawasamala ndi anthu ongodzipereka, usiku akaweruka ku ntchito zawo. Zili ngati mjigo wa m'mudzi: otunga ndi mudzi wonse, koma ukathyoka amagwira sipanala ndi munthu mmodzi yemwe uja.

Munthu mmodziyo akatopa, zimavuta. Mu 2014, vuto la chitetezo lotchedwa Heartbleed litapezeka mu pulogalamu ya OpenSSL, anthu anadabwa kumva kuti pulogalamuyi, imene imateteza mawebusayiti ochuluka padziko lonse, inkalandira zopereka zokwana madola pafupifupi 2,000 okha pa chaka. Mu 2024 kunabwera nkhani ya xz, pulogalamu yochepetsa kukula kwa mafayilo. Lasse Collin ankaisamala yekha, atatopa, anthu akumukalipira kuti akuchedwa, mpaka anapereka mphamvu kwa munthu wodzitcha Jia Tan. Munthuyo anabisamo njira yolowera mwakuba m'makompyuta a anthu, ndipo Andres Freund anaitulukira mu Malichi chaka chomwecho isanafalikire.

Ndiye poyambira ndi apa: sankhani pulogalamu imodzi. Imodzi basi, imene itati yasowa mawa ntchito yanu ingaime. Ine ndimakonda zing'onozing'ono. LibreOffice ili ndi bungwe la The Document Foundation kumbuyo kwake, VLC ili ndi la VideoLAN, ndipo onsewo ndi oyenera kuthandizidwa, koma plugin (kapulogalamu kowonjezera pa pulogalamu ina) ya WordPress kapena ya QGIS imene akuilemba munthu mmodzi ndi imene madola asanu anu angamveke. Pitani patsamba lake pa GitHub, webusayiti imene okonza ambiri amasungirapo mapulogalamu awo. Ngati mwini wake amalandira thandizo mudzaona batani lolembedwa Sponsor, apo ayi werengani README, fayilo yofotokoza za pulogalamuyo, mpaka pansi. Ngati sanalembe chilichonse chokhudza ndalama, musamukakamize, ena safuna.

Chenjezo pang'ono. Tsamba loperekera ndalama mulipeze kuchokera pa webusayiti yeniyeni ya pulogalamuyo, osati pa malonda amene amatulukira pamwamba mukasaka pa Google. VLC kwawo ndi videolan.org. Ndipo mnyamata wa mukashopu amene amakulipiritsani kuti akuikireni VLC kuchokera pa flash yake mukumulipira ntchito yake yokha, palibe tambala imene imafika kwa okonza. Nthawi zina flash yomweyo imabwera ndi ma virus.

Tsopano pa kulipira, pamene ine ndinavutikira. Njira zodziwika ndi GitHub Sponsors, imene inayamba mu 2019, Open Collective ndi Liberapay. Zonsezi zimafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kulipira kunja, zina zimalolanso PayPal. Mpamba ndi Airtel Money sizilowa mwachindunji. Ine ndinasankha zoti azindidula mwezi ndi mwezi. Poyamba zinkayenda, kenako ndalama zakunja zitayamba kuvuta banki yanga inatsitsa malire a zimene khadi lingalipire kunja. Khadi linayamba kukanidwa. Kubanki anandiuza kuti ndilembe fomu, fomu ndinalemba, yankho lake linali lakuti ndidikire. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola omwe aja anayamba kuluma kwambiri pa akaunti.

Apa ndi pamene amatulukira anthu a pa WhatsApp aja akuti "tumizani makwacha, ndikulipirirani ndi khadi langa". Amawerengera mtengo wa black market, kuwonjezeranso kawo, ndipo umboni wawo ndi screenshot imene aliyense angaipange. Amene ndinamuyesa ine anatenga ndalama, screenshot anatumiza, koma dzina langa silinaoneke pa mndandanda wa opereka. Ubwino wa Open Collective ndi umenewo: ndalama zolowa ndi zotuluka zimalembedwa poyera, aliyense akhoza kuona. Ndikanakhala kuti ndinapereka kwina, bwenzi mpaka lero ndikuganiza kuti zinafika.

Zimene zikundiyendera pano ndi izi. Siyani za mwezi ndi mwezi, perekani kamodzi pa chaka, tsiku limene mukudziwa kuti khadi likugwira. Sonkheranani ndi anzanu a muofesi kuti ikhale ndalama yooneka, chifukwa banki imadula kake pa malipiro alionse. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku UK, alipire iyeyo ndi khadi lake, inu mupereke makwacha kwa makolo ake kuno pa Mpamba. Mumuuze akutumizireni imelo ya risiti yeniyeni, osati chithunzi. Dziwaninso kuti GitHub Sponsors sidula kanthu mukapereka ndi akaunti yanu monga munthu, pamene mapulojekiti amene ndalama zawo amawasungira a Open Source Collective, bungwe losunga ndalama za mapulojekiti pa Open Collective, amadulidwa 10 peresenti. Si kuba, ndi malipiro osungira mabuku ndi kulongosola za msonkho.

Ngati bungwe lanu limadalira pulogalamu inayake, nkhaniyi ipite kwa abwana a zachuma. Bungwe limene limagula ma license a madola mazanamazana silingalephere kuika kamzere kamodzi mu bajeti. Open Collective imapereka risiti, ma auditor sadandaula.

Mulibe ndalama? Palibe vuto, chifukwa thandizo lalikulu ndi kusakhala mtolo. Pulogalamu ikavuta, musanalembere okonza, sakani kaye patsamba lake ngati wina ananena kale. Ngati ananena, ikani chizindikiro cha chala chachikulu pa uthenga wakewo, osalemba "nanenso" kapena "mukonza liti?". Aliyense wolemba choncho amaliza foni ya munthu amene sakulipidwa. Ngati vuto ndi latsopano, nenani version, mtundu wa kompyuta, zimene munachita mwatsatanetsatane, ndi uthenga wa error monga mmene unalembedwera. Chingerezi chothyokathyoka sichidetsa nkhawa, chimene chimawatopetsa ndi lipoti loti "sikugwira" basi. Akakonza, bwererani mukanene kuti zatheka. Ambiri sabwerera.

Kuthokoza kwenikweni kukhale kwachindunji. Imelo yaifupi yonena kuti muli ku Malawi, mumagwiritsa ntchito pulogalamu yawo pa chakutichakuti, ndipo inakupulumutsani pakutipakuti. Musamatirepo pempho kumapeto kwake. A Free Software Foundation Europe anaika 14 Febuluwale kukhala tsiku lothokoza anthu amenewa, koma Lachiwiri lililonse likhoza.

Zotsalazo n'zodziwika. Kumasulira mawu a pulogalamu m'Chichewa pa mawebusayiti omasulirirapo monga Weblate kapena Transifex, code ya chilankhulo chathu ndi ny, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti palibe anayambapo. Kukonza malangizo olakwika. Kuyankha mafunso a atsopano kuti mwini wake apume. Za kutumiza code, werengani fayilo ya CONTRIBUTING, imene imafotokoza mmene mungathandizire, ndipo funsani kaye musanalembe chinthu chachikulu, chifukwa akachilandira adzachisamala ndi iwo kwa zaka, osati inu.