Kadzalidwe ndi kasungidwe ka maluwa akale a anyezi kuno ku Mzuzu

Maluwa amene ndimawakonda kwambiri m'munda mwanga sindinawagule. Azakhali anga a ku Katoto anandipatsa anyezi atatu a amaryllis atawakulunga m'nyuzipepala, ndipo anandiuza kuti nawonso anawalandira kwa apongozi awo. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikupempha maluwa akale otere kulikonse kumene ndawaona, pakhomo la munthu kapena kuseri kwa tchalitchi, chifukwa duwa lomwe lakhala zaka zambiri m'dothi lathu lasonyeza kale kuti limapirira nyengo ya kuno. Anyezi kapena mbatata ya duwa imabereka duwa lofanana ndendende ndi kholo lake, pamene njere za maluwa ambiri zimatulutsa mtundu wina, ndiye amene akufuna kusunga mtundu wakale ayenera kusunga chimene chili pansi pa dothi.

Mdani wamkulu kuno ndi madzi. Mvula ya ku Mzuzu imapitirira mpaka mu Epulo ngakhale mu Meyi, kenako pamabwera nkhungu ndi kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi, moti anyezi wokhala m'dothi lonyowa nthawi yonseyi amawola asanaphukenso. Chaka choyamba ndinataya mbatata zonse za dahlia chifukwa ndinazidzala pamalo otsika pomwe madzi ochokera padenga ankathera. Choncho kwezani bedi lanu masentimita 20 kapena kuposa, makamaka ngati muli m'dera lachidambo kufupi ndi mtsinje wa Lunyangwa, ndipo katondo wathu wofiirayu mumusakanize ndi mchenga wa kumtsinje komanso manyowa owolerana bwino. Ndowe zaziwisi zimawotcha ndi kuwoletsa anyezi. Sankhani malo amene dzuwa limawomba maola osachepera asanu ndi limodzi.

Dzalani mvula yoyamba ikagwa, mu Novembala kapena Disembala. Gladiolus alowe pansi masentimita 10 mpaka 15, nsonga ikuloza kumwamba, ndipo amachita maluwa pakatha pafupifupi miyezi itatu. Mukamadzala pang'onopang'ono masabata awiri aliwonse, maluwa sakusowani kwa nthawi yaitali. Amaryllis ndi wosiyana, pakuti khosi lake liyenera kutsala kunja kwa dothi, ndipo ambiri amene amadandaula kuti duwali langochita masamba okhaokha amakhala kuti analikwirira kwambiri. Dahlia, yemwe kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, amafuna mpata wa masentimita 60, ndipo mtengo womangirirapo muuzike tsiku lodzala lomwelo kuti musadzabaye mbatata zake pambuyo pake. Pogawa mbatata za dahlia onetsetsani kuti iliyonse yatenga kachigawo ka tsinde komwe kuli diso, popeza mbatata yopanda diso siphuka ngakhale ikhale yaikulu bwanji. Ma tulip ndikukulangizani kuti muwasiye, chifukwa amafuna chisanu choposa chimene tili nacho.

Maluwa akafota, dulani phesi la duwa lokha, koma masamba muwasiye mpaka achite chikasu okha, zomwe zimatenga masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa. Ndikudziwa kuti bedi limaoneka losasamalika panthawiyi ndipo dzanja limayabwa kuti lisese, koma masambawo ndi amene akudyetsa anyezi wa chaka chamawa. Akauma, kumbani gladiolus ndi dahlia, sasani dothi popanda kutsuka, ndipo muyanike pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata awiri kapena atatu. Mukatero awazeni phulusa, muwaike m'katoni kapena m'dengu momwe muli utuchi wouma, osati m'jumbo, momwe amatuluka thukuta ndi kuchita nkhungu. Lembani mtundu wa duwa pakatoniyo, chifukwa pofika Novembala mudzakhala mutaiwala kuti wofiira ndi uti. Tiana ting'onoting'ono tomwe timamatirira pansi pa gladiolus musatitaye. Tidzalidwe pabedi pawokha, ndipo tidzachita maluwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Agapanthus safunika kukumbidwa chaka ndi chaka, amangogawidwa akathinana. Ngati mfuko wakuvutani, dzalani anyezi osowa kwambiri m'ndowa zakale zoboola pansi.

Pali chimodzi chimene ndimakana ndi mtima wonse: kukumba maluwa akutchire. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya ma orchid, ndipo ina ikuchepa kale chifukwa cha kukumbidwa kwa chinaka, mbatata zake zomwe anthu amadya; kuchotsa chomera m'paki ndi mlandu, komanso ambiri mwa maluwa amenewa amafa akangochotsedwa m'dothi lawo. Mukumbukirenso kuti anyezi a amaryllis ndi mbatata za Gloriosa, duwa lija loyanga lofiira ndi lachikasu, zili ndi poizoni, choncho katoni yanu ikhale kutali ndi kukhitchini, pamwamba pomwe ana sangafikire, kuti wina asaziyese zakudya.