Pharmacist wa ku Malawi m'dziko la eni: yambirani ku bungwe losunga kaundula

Ngati munaphunzira za mankhwala ku Malawi ndipo pano muli ku Leeds, ku Johannesburg kapena ku Texas, kalata yanu yoyamba isapite ku yunivesite kapena kwa ejenti wolonjeza ntchito. Ipite ku bungwe loyang'anira ma pharmacist m'dziko limene mulilo. Yunivesite imapereka digiri, koma chilolezo choti munthu aziima kuseri kwa kauntala n'kumapereka mankhwala chimachokera ku bungwe losunga kaundula. Kwathu bungweli ndi PMRA, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la mu 2019. Ku Britain ndi GPhC, ku South Africa ndi SAPC, ndipo ku America chigawo chilichonse chili ndi bodi yakeyake. Ku Britain, kudzitchula pharmacist dzina lanu mulibe m'kaundula ndi mlandu, ngakhale mutakhala kuti munagwira ntchitoyi zaka 10 pa chipatala chachikulu kumudzi.

Maziko a maphunzirowa ndi amodzi pafupifupi kulikonse. Wophunzira amayamba ndi chemistry ndi kagwiridwe ntchito ka thupi, kenaka amalowa m'zimene mankhwala amachita akalowa m'magazi, mmene amapangidwira, kasungidwe kake, masamu a mlingo, ndi malamulo. Akamaliza digiri amagwira ntchito pafupifupi chaka chimodzi akuyang'aniridwa ndi pharmacist wamkulu, n'kulemba mayeso a bungwe lija. Ku Malawi digiriyi inayamba mu 2006 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ndi digiri yabwino ndipo musachite nayo manyazi. Kungoti inakukonzekeretsani matenda ndi malamulo a kwathu. Munthu wodziwa LA, ma ARV ndi mankhwala a TB ngati dzina lake amafika ku Ulaya n'kupeza gogo wa zaka 85 akumwa mitundu 12 ya mankhwala tsiku lililonse, a mtima, a shuga, oletsa magazi kuundana, impso zake zili zofooka. Funso likhala lakuti ndi ati amene akulimbana okhaokha m'thupimo ndipo ndi ati oyenera kuchepetsedwa. Mayeso akunja amakhazikika pamenepa, choncho kuwerenga kwanu kuyambirenso pomwepa.

Ku Britain mwana wakomweko amachita digiri ya MPharm ya zaka 4, kenaka masabata 52 a ntchito yoyang'aniridwa, kenaka mayeso a GPhC. Kwa inu ochokera kunja njira yake yakhala OSPAP, kosi ya chaka chimodzi imene imaphunzitsidwa m'mayunivesite ochepa, monga Aston, Brighton, Hertfordshire ndi Sunderland. Simungangolembera kosiyi mwa nokha. Poyamba GPhC imaunika mapepala anu n'kukupatsani kalata yosonyeza kuti ndinu woyenera. Imafunanso umboni wa Chingerezi: IELTS ya 7 pa gawo lililonse, kapena B pa mayeso a OET. Ambirife timaderera zimenezi poti tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, koma gawo lolemba limagwetsa anthu ophunzira bwino zedi, ndiye likonzekereni mwapadera. Malo pa OSPAP ndi ochepa kuyerekeza ndi ofuna, fizi ndi ya ophunzira akunja, ndipo GPhC yakhala ikuunikanso njira imeneyi, kotero werengani tsamba lawo la pa intaneti musanalipire kalikonse.

Mukatha OSPAP mumachita masabata 52 aja ngati wina aliyense, ndipo malo ambiri amapezeka kudzera mu Oriel, dongosolo la pa intaneti lofunsirapo malowa. Mayeso omaliza ali ndi magawo awiri, masamu a mlingo ndi chisamaliro cha odwala, ndipo onse awiri muyenera kukhoza pa ulendo umodzi. Mwayi wolemba ndi katatu basi. Palinso malire a nthawi: kuyambira tsiku limene mwayamba OSPAP muli ndi zaka 4 zoti mukhale mutapempha kulowa m'kaundula. Amene akusamalira ana, akutumiza ndalama kumudzi uku akugwira ntchito ya usiku ku nyumba ya okalamba aziwerengetsere bwino zakazi asanayambe.

Ku South Africa digiri ya BPharm ndi ya zaka 4, kutsatiridwa ndi chaka cha internship (ntchito yoyang'aniridwa ija), mayeso a SAPC, ndi chaka china chotumikira m'zipatala za boma. Wochokera kunja amayamba ndi SAQA, bungwe limene limaunika digiri yake poiyerekeza ndi ya komweko. Amafunikanso kalata yovomereza yochokera ku unduna wa zaumoyo, ndipo amalemba mayeso a SAPC a anthu ophunzira kunja, amene muli malamulo a mankhwala a dzikolo. Ndinene mosabisa: malo a internship ndi ntchito za boma kumeneko ndi osowa ngakhale kwa eni dziko, ndipo mlendo amabwera pambuyo pamzere. Musasiye ntchito imene muli nayo musanaone kalata yokupatsani malo.

America ili ndi msampha umodzi wofunika kuudziwa msanga. Komweko pharmacist amakhala ndi digiri ya PharmD, kawirikawiri zaka 4 pamwamba pa zaka ziwiri kapena kuposerapo za ku koleji. Wophunzira kunja amadutsa pa satifiketi ya FPGEC yoperekedwa ndi NABP, bungwe la mabodi a zigawo aja, ndipo satifiketiyi imafuna mayeso a za mankhwala a FPGEE ndi a Chingerezi a TOEFL iBT. Koma aliyense amene anamaliza digiri yake kuyambira pa 1 Januwale 2003 ayenera kukhala atachita maphunziro a za mankhwala a zaka 5. Popeza digiri yathu inayamba mu 2006, lamuloli likukhudza aliyense wophunzira ku Malawi. Funsani mwa kalata mmene adzawerengere zaka zanu musanatumize ndalama. Mukadutsa apa patsala maola a internship, amene zigawo zambiri zimaika pa 1,500, kenaka NAPLEX, mayeso opezera chilolezo, ndi mayeso a malamulo a chigawocho. Ku Canada khomo lake ndi PEBC, bungwe loyesa ma pharmacist, ndipo ku Australia mayeso akale a ophunzira kunja, a KAPS, analowedwa m'malo ndi OPRA mu 2025.

Chimene chimachedwetsa anthu kwambiri si mayeso ayi, ndi mapepala a kumudzi. Mabungwe ambiri amafuna kuti transcript, kalata ya zotsatira za maphunziro anu, ichokere ku yunivesite kupita kwa iwo mwachindunji, osadzera m'manja mwanu. Chimodzimodzinso kalata ya PMRA yotsimikiza kuti muli m'kaundula ndipo mulibe mlandu. Kalata yoteroyo imatha mphamvu pakapita miyezi yochepa, ndiye musaitenge msanga kwambiri. Musalole kuti dzina lanu lichotsedwe m'kaundula wa kwathu chifukwa chosalipira pachaka. Onaninso mayina: ngati pa digiri pali dzina la kwanu koma pa pasipoti pali la kubanja, kapena kalembedwe kasiyana chilembo chimodzi, konzani chikalata cholumbira nthawi ikadalipo. Sungani ndondomeko ya maphunziro anu yosonyeza maola a phunziro lililonse, ndipo pezani wachibale wodalirika woti azikayendera mapepalawo ku maofesi.

Amene muli ndi dipuloma ya pharmacy technician ya ku Malawi College of Health Sciences, dziwani kuti OSPAP ndi FPGEC si zanu, chifukwa zimafuna digiri. Ku Britain ntchito ya technician ili ndi kaundula wake ku GPhC, ndipo munthu amaphunzira zaka ziwiri akugwira ntchito ndi kulandira malipiro. Ambiri amayamba ngati othandizira pa kauntala. Ku South Africa kuli njira yofananako ya pharmacist's assistant. Musazione ngati kutsika. Pa kauntala m'pamene mumaphunzira mayina a mankhwala a komweko, kalankhulidwe ka odwala, ndi mmene amafunsira munthu mafunso asanamupatse chilichonse.

Makolo amene ana anu akufuna ntchitoyi, nkhani imayambira ku sekondale. Ku Britain chemistry ya A-level ndi yosapeweka, pamodzi ndi phunziro lina la sayansi kapena masamu. Ku South Africa mwana atenge Mathematics yeniyeni, osati Mathematical Literacy, komanso Physical Sciences, ndipo mayunivesite ambiri amafunanso Life Sciences. Mwana akasankha molakwika mu Grade 10 zimavuta kukonza pambuyo pake. Onetsetsani kuti digiri imene wasankha ndi yovomerezedwa ndi bungwe la kaundula, chifukwa digiri ya pharmacology kapena pharmaceutical science, ngakhale dzina likumveka lofanana, simufikitsa munthu pa u-pharmacist. Ku Britain funsaninso ngati mwanayo adzalipira fizi ya eni dziko, zimene zimadalira mtundu wa chilolezo chake chokhalira m'dzikomo ndi zaka zimene wakhalamo. Ndipo ngati akuganiza zodzagwira ntchito ku Malawi, alembere PMRA akadali pa sukulu kuti adziwe zimene bungweli lidzafune kwa munthu wophunzira kunja.